Funsani Dokotala: Apongozi akundiletsa kukabayitsa mwana katemera wa chikuku

Funso: Adokotala, mwana wanga wakwanitsa miyezi 18 ndipo pa kadi ya sikelo palembedwa kuti akalandire katemera wachiwiri wa chikuku. Apongozi anga anditumizira vidiyo pa WhatsApp, momwe dokotala wina wakunja akuti katemerayu amaononga ubongo wa ana koma anzake amamutseka pakamwa. Atabayidwa koyamba, mwana anatentha thupi masiku awiri. Ndimve ziti? (Mayi wa ku Kanyama)

Yankho: Mayi, kutentha thupi mukunenako n'koona, sindingakutsutseni. Katemera wa chikuku amatero kwa ana ena, kawirikawiri pakapita sabata kapena masiku 12 chibayireni, mwinanso ndi tizilonda tochepa pakhungu, ndipo zimatha zokha. Choopsa chenicheni ndi thupi kukana mankhwalawo mwadzidzidzi, mwana n'kubanika. Zimenezi zimagwera pafupifupi mmodzi mwa anthu miliyoni, ndipo zimabwera nthawi yomweyo. N'chifukwa chake anamwino amati mukhale kaye pa benchi musananyamuke.

Nkhani ya ubongoyo ili ndi mwini wake. Mu 1998 dokotala wa ku London, Andrew Wakefield, analemba m'magazini ya The Lancet kuti katemera wa MMR, woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri, angakhale akuyambitsa autism, vuto lomwe mwana amachedwa kulankhula ndiponso sacheza bwino ndi anzake. Anayeza ana 12 okha. Pambuyo pake zinaululika kuti ankalandira ndalama kudzera kwa loya amene ankakonza zosumira opanga katemera, komanso kuti zimene analemba sizinkagwirizana ndi mafayelo a anawo kuchipatala. Mu 2010 magaziniyo inafafaniza nkhaniyo ndipo iye anachotsedwa m'kaundula wa madokotala. Anzake sanangomukana ndi pakamwa, anafufuza. Ku Denmark anatsatira ana oposa 650,000, ndipo zotsatira za mu 2019 zinaonetsa kuti obayidwa ndi osabayidwa sanasiyane pa nkhani ya autism. Chimene chimasokoneza makolo n'chakuti zizindikiro za vutoli zimayamba kuoneka pa msinkhu womwewo umene mwana amalandira katemera.

Zoti dokotala wotsutsa amatsekedwa pakamwa zimandipweteka, chifukwa ndikudziwa mmene kutsutsa kwa umboni kwapulumutsira anthu. Mu 1999 ku America anachotsa katemera wa RotaShield, woteteza ana ku matenda otsegula m'mimba, ataona kuti ana ena matumbo awo akupindikana. Mu 2021 madokotala a ku Norway ndi Germany anaona magazi akuundana mwa anthu ochepa obayidwa katemera wa COVID-19 wa AstraZeneca, ndipo mayiko angapo anasiya kubaya achinyamata katemerayo. Amenewa anabwera ndi odwala awo, ndi manambala, anzawo nakayeza n'kupeza zomwezo. Kuno kwathu, vuto lililonse lobwera pambuyo pa katemera limalembedwa ku kiliniki n'kutumizidwa ku ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'Zambia, ndipo inu nomwe muli ndi ufulu wokauza namwino kuti alilembe. Wa mu vidiyoyo mufunseni mumtima: dzina lake ndani, amagwira ntchito kuti, ndipo kumapeto akugulitsa chiyani?

Tsopano ganizirani za chikuku. Mwana mmodzi wodwala angapatsire ena 12 mpaka 18 osabayidwa, ndipo kachilomboka kamakhalabe mumpweya wa m'chipinda kwa maola awiri wodwalayo atatulukamo. Mukudziwa mmene timakhalira ku Kanyama, mabanja angapo pa poloti imodzi, ana akusewera pamodzi, ena atabelekedwa m'minibasi yodzaza. Chikuku chimabwera ndi chibayo, kutsegula m'mimba, kuchita khungu, ndiponso kutupa ubongo kumene apongozi akuopako. Katemera wa pa miyezi 9 amateteza ana pafupifupi 85 mwa 100 aliwonse. Wachiwiriyu ndi wa otsalawo, ndipo palibe angakuuzeni ndi maso ngati wanu ali mbali iti.

Apongozi musakangane nawo, akuchita zimenezi pokonda mdzukulu. Lankhulani kaye ndi bambo a mwana, kenako muwapemphe agogowo akuperekezeni ku sikelo akafunse okha. Mwina akukumbukira mmene chikuku chinkatengera ana kumudzi, afunseni akusimbireni.

Funso: Kusukulu akufuna kubaya mwana wanga wamkazi katemera wa HPV, koma kutchalitchi ena akuti adzakhala wosabereka. (Bambo wa ku Matero)

Yankho: Bambo, katemerayu wakhala akuperekedwa m'mayiko ambiri kuyambira 2006, ndipo atsikana oyamba kubayidwa ambiri ali ndi ana awo lero. Palibe kafukufuku wodalirika amene anapeza kuti amatseka mimba. Chimene chimalanda amayi chiberekero ndi khansa ya khomo la chiberekero, yomwe imapha amayi ambiri m'Zambia kuposa khansa ina iliyonse, ndipo imayamba ndi kachilombo ka HPV komweko. Mkono uwawa tsiku limodzi kapena awiri. Atsikana ena amachita chizungulire poona jekeseni, choncho adye asanapite kusukulu ndipo akhale pansi mphindi 15 akabayidwa.