Kodi Pulogalamu Timaithamangitsa? Nanga Tizilembo ta Kamzere Tija ndi Mbendera?

Funso: Ndine mphunzitsi pa sekondale ina kufupi ndi Kamwendo, m'boma la Mchinji. Madzulo ndimaphunzitsako ana ochepa chiyankhulo cha kompyuta chotchedwa Python, ndipo ndimayesetsa kuwafotokozera m'Chichewa kuti amve msanga. Vuto langa lili pa tizilembo timene timalemba pa terminal, zenera la pa kompyuta lolembapo malamulo, pambuyo pa mawu akuti python, monga -c, -m ndi -i. Pa Chingerezi amati option kapena flag, ndiye ana ena amati maopushoni pamene ena amati mbendera. Kodi choyenera n'chiti? Komanso kodi ndi Chichewa chabwino kunena kuti tikuthamangitsa pulogalamu?

Yankho: Zikomo kwambiri aphunzitsi chifukwa cha funso lokomali. Ndiyamba ndi mbali yomaliza ija chifukwa ndi imene imandipweteka m'khutu nthawi zonse. Kuthamangitsa m'Chichewa ndi kupirikitsa. Timathamangitsa mbuzi zikalowa m'dimba, timathamangitsa wakuba pamsika, ndipo mwana akabwera kunyumba m'mawa n'kunena kuti amuthamangitsa kusukulu, makolo amadziwa kuti nkhani ya fizi yavuta. Munthu wa kwathu kuno ku Kasungu mukamuuza kuti mwathamangitsa pulogalamu, adzaganiza kuti mwaichotsa m'kompyuta. Amene anayambitsa kanenedweka anangotsegula dikishonale, napeza kuti run ndi kuthamanga, basi n'kuimira pomwepo. Mneni woyenera tili naye kale, ndiye kuyendetsa, pakuti timayendetsa galimoto, chigayo ngakhalenso msonkhano. Ana anu aziti akuyendetsa pulogalamu, ndipo za "kurana" zimene ndimamva kwa achinyamata m'tauni muno musazilole m'kalasi.

Tisanafike pa tizilembo tija, tiyenera kudziwa chimene timatipatsira. Mukalemba mawu akuti python pa terminal, mumakhala mukuitana pulogalamu imene imawerenga zimene mwalemba m'fayilo yanu n'kuzichita pomwepo. Pulogalamu imeneyi ine ndimaitcha chomasulira, osati womasulira, chifukwa si munthu. Mneni wakuti kumasulira ndimamukonda kwambiri chifukwa cha kumene anachokera. Tsinde lake ndi kumasula, ndipo -ul- ali m'katimo ndi yemwe uja timamumva mu kutsekula, kumatula ndi kuvundukula, amene ntchito yake ndi kubweza chimene chinachitidwa. Tikawonjezera -ir- ndiye kuti tikumasula mfundo m'malo mwa munthu wina amene payekha sakanatha. Ndili mwana, kutchalitchi kwathu kukabwera mlaliki wolankhula Chingerezi, bambo wina ankaima pambali pake n'kumamasulira chiganizo chimodzichimodzi, ndipo mapemphero asanayambe mkulu wa mpingo ankamuitanira pambali n'kumuuza kuti akweze mawu, kapena kuti ulaliki ukatha asachoke kutsogolo chifukwa kuli zolengeza. Tizilembo mukufunsa tija ntchito yake ndi yomweyo. Sitisintha uthenga wa m'fayilo, koma timauza chomasulira m'mene chigwirire ntchito yake.

N'chifukwa chake mawu amene ndikukupatsani ndi akuti langizo, ndipo akachuluka ndi malangizo. Mawu akuti python ndiwo lamulo, pamene -i ndi langizo lotsagana ndi lamulolo. Kulangiza kunachokera ku kulanga, ndipo makolo athu akamati anamkungwi akulanga namwali sankatanthauza chikwapu ayi, ankatanthauza kuphunzitsa munthu kachitidwe koyenera. Tanthauzo la chilango linadzakula pambuyo pake, koma lakale lija likadali moyo mwa alangizi a zaulimi amene amayendera alimi a fodya ndi mtedza kuno ku Kasungu ndi kwanu ku Mchinji.

Taonani m'mene mawuwa akukhalira bwino pa zitsanzo zanu zomwe. Mwana akalemba python -c "print(2 + 3)", langizo la -c likuuza chomasulira kuti chisafunefune fayilo, koma chichite zimene zili m'kati mwa zizindikiro zogwira mawuzo, ndipo pa sikirini patuluka 5. Akalemba python -m http.server, langizo la -m likuchiuza kuti chiyendetse gawo la pulogalamu limene chikulipeza ndi dzina lake, ndipo apa kompyutayo iyamba kugawa mafayilo a m'foda imeneyo kudzera pa port 8000, nambala ya khomo limene makompyuta ena amafikirapo. Akalemba python -i mayeso.py, chomasulira chiyendetsa fayilo ya mayeso.py, ndipo chikamaliza sichitseka, chimadikira kuti mwanayo afunse zimene chikuzikumbukirabe. Pa zonsezi palibe chimene chikukupizidwa m'mwamba kuti anthu achione patali, ndiye mbendera ikubweramo bwanji?

Musandimve molakwa, sindidana ndi mawu obwereka. Mbendera yomweyo tinaibwereka ku Chipwitikizi, kumene amati bandeira, monganso nsapato ndi kapitawo, ndipo lero palibe amene amaziona ngati zachilendo. Chimene ndikukana ndi kubwereka chithunzi cha m'mutu mwa Mngerezi n'kuchiveka mawu a Chichewa. Mwana wa ku Kamwendo akamva mbendera amaona nsalu yakuda, yofiira ndi yobiriwira ili pamtengo kutsogolo kwa ofesi ya ahedi, ndipo chithunzi chimenecho sichimuthandiza kumvetsa -m. Ena amati zosankha. Mawu amenewa si olakwika kwenikweni, koma amapatsa mwana maganizo a mayeso aja osankha yankho limodzi mwa anayi, pamene apa munthu angathe kulemba malangizo awiri kapena atatu nthawi imodzi, kapena osalemba lililonse.

Powerenga mokweza, chizindikiro chili kutsogolo kwa chilembocho muzichitcha kamzere, ndipo muziti "kamzere c" kapena "kamzere m". Mwambo wa kamzere ndi chilembo chimodzi unafala ndi Unix, pulogalamu yaikulu yoyendetsera kompyuta imene inayambira ku Bell Labs ku America mu 1969. Pali malangizo enanso a timizere tiwiri ndi mawu athunthu, monga --version ndi --help, amene anafala ndi mapulogalamu aulere a gulu lotchedwa GNU. Ndikupemphaninso kuti muziumirira kuti ana azitchula ngati chilembo chili chachikulu kapena chaching'ono, chifukwa pakamwa zimamveka chimodzimodzi koma pa kompyuta n'zosiyana kotheratu. Mu Python, -V wamkulu amangokuuzani mtundu wa Python umene muli nawo, zomwe n'zofunika chifukwa Python 3 inatuluka mu 2008 ndipo Python 2 analeka kuisamalira pa 1 Januwale 2020. Koma -v wamng'ono amadzaza sikirini ndi mizere yambirimbiri yofotokoza gawo lililonse limene chomasulira chikutsekula.

Malo a langizo m'chiganizo nawonso ali ndi tanthauzo, ndipo apa mphunzitsi wa Chichewa ndi wa kompyuta akugwirizana. Mu python -i mayeso.py, langizo lili patsogolo pa dzina la fayilo, choncho likupita kwa chomasulira. Mukalisuntha n'kulemba python mayeso.py -i, chomasulira sichiliona ngati lake, chimangolipereka kwa pulogalamu ya mwanayo kudzera mu sys.argv, mndandanda umene umasunga dzina la fayilo ndi mawu onse olembedwa pambuyo pake. Ana adziwenso kuti chilembo chimodzi sichikhala ndi tanthauzo limodzi m'ziyankhulo zonse. Python inatulutsidwa ndi Guido van Rossum ku Netherlands mu 1991, pamene chiyankhulo china chotchedwa Perl chinatulutsidwa ndi Larry Wall mu 1987, ndipo aliyense anasankha zilembo zake. Ntchito imene -c amagwira mu Python, mu Perl imagwiridwa ndi -e. Choopsa kwambiri n'chakuti -i wa Perl amalemba zosintha m'fayilo momwemo, kotero kuti zakale zimatayika pokhapokha mutalemba -i.bak kuti asunge kope.

Za maopushoni sindilimbana nazo kwambiri. Ana akalemba python -h adzaona mndandanda wonse wa malangizo uli m'Chingerezi, choncho mawu akuti option ayenera kuwadziwa ndi kuwazindikira akawaona. Akamacheza okhaokha panja n'kumati maopushoni, asiyeni. Koma pa bolodi ndi m'manotsi amene mukuwalembera, lembani kuti malangizo a chomasulira, ndipo limodzi likhale langizo.