Chimene chinamuvulaza Kane ali mwana

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene Kane wa mufilimu ya Citizen Kane ya 1941 amalepherera kusunga mkazi ngakhale bwenzi, chuma chili mbwee. Bwererani pa kachigawo ka ku Colorado, m'chaka cha 1871, mukaonetsetse.

Mayi ake ali patebulo, akusaina chikalata chomupereka m'manja mwa Thatcher wa kubanki. Bambo ake aima chapambali, akudandaula, palibe akuwamvera. Mwanayo tikumuonera pazenera, akusewera pa chipale chofewa. Wojambula, Gregg Toland, anakonza kamera kuti wapafupi ndi wapatali yemwe azioneka bwinobwino nthawi imodzi, ndiye mwana akuoneka kachinthu kakang'ono pakati pa akuluakulu amene akugamula za moyo wake. Chondipweteka ine n'chakuti mayiyo akuchita izi pomukonda, pofuna kumutalikitsa kwa bambo womenya. Mwana sangazimve zimenezo. Chimene akudziwa n'chakuti ndalama za mgodi wa golide wa mayi ake zitangobwera, anamuchotsa pakhomo.

Atakula, chikondi amachigula kenako n'kumachilamula. Usiku umene anakumana ndi Susan, yemwe anadzakhala mkazi wake wachiwiri, anali pa ulendo wokaona katundu wa malemu mayi ake. Ambiri amaphonya pamenepa. Amamumangira nyumba yoimbiramo opera, amamukakamiza kuimba mawu alibe, mpaka mkaziyo kufuna kudzipha. Susan atamuthawa, Kane akuphwanya chipinda chonse, koma akusiya kampira kagalasi ka chipale chofewa mkati.

Rosebud, kathabwa kotsetserekera pa chipale chofewa kamene Kane ankasewera nako ali mwana, musakatenge ngati chidole wamba: ndi komwe anakankha nako Thatcher tsiku lomuchotsa kwa mayi ake.