Za ntchito ya kompyuta ku Thailand yomwe mlongo wanu wapeza pa Facebook

Achimwene, mwafunsa ngati ntchito yotayipa yomwe mlongo wanu walonjezedwa ku Thailand, yomwe eni ake akulipira okha tikiti ya ndege, ili yoona. Asakwere kaye ndegeyo.

Msamphawu umatcheredwa motere. Intavyu imachitikira pa WhatsApp kapena Telegram, ndipo chomwe amayesa ndi liwiro lotayipira Chingerezi basi. Kenako amati lowa ndi viza ya alendo, mapepala antchito tikakonza ukafika. Bodza limagwidwira pomwepa, chifukwa ntchito yeniyeni ku Thailand imafuna viza ya Non-Immigrant B ndi chilolezo chogwirira ntchito. Munthu akatera ku Bangkok, galimoto imamutenga ulendo wa maola 7 kapena 8 mpaka ku tauni ya m'malire ya Mae Sot, n'kumuwolotsa mtsinje wa Moei pa bwato. Tsidya linalo si Thailand ayi, ndi Myanmar, dera la Myawaddy, kumene kuli mipanda yotsekeramo antchito; yomwe idatchuka kwambiri ndi KK Park ndi Shwe Kokko. Pasipoti amalanda akangolowa.

Ntchito yakeyo ndi kubera anthu. Amamupatsa mafoni angapo, zithunzi za munthu wina wooneka bwino, ndi mawu olemberatu. Amacheza ndi anthu a ku America kapena ku Ulaya kwa masabata ngati chibwenzi, mpaka awakope kuika ndalama pa app yabodza ya crypto (ndalama za pa intaneti). Koyamba amawalola kutapa kaphindu kuti akhulupirire, akathira zambiri app imatseka. Amagwira maola 12 kapena kupitirira. Wosafikitsa ndalama zomwe bwana wayika amamenyedwa kapena kugulitsidwa ku mpanda wina, ndipo kuti atuluke abale amauzidwa kulipira madola masauzande.

Mu 2023 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu idati anthu osachepera 120,000 ku Myanmar ndi pafupifupi 100,000 ku Cambodia akugwiritsidwa ntchitoyi mokakamizidwa. Thailand itadula magetsi opita kumadera a m'malire a Myanmar mu February 2025, anthu masauzande adatulutsidwa, ena a ku Ethiopia, Kenya ndi Uganda. Eni mipandayi ndi magulu a zigawenga olemera. Umphawi umangowapezera antchito, achinyamata odziwa Chingerezi omwe satifiketi zawo zikungodyedwa ndi njenjete m'sutikesi. Ndiye "Hello dear" uja amakuvutitsani mu inbox, mwina akutayipa ndi mwana wa mnzanu ali ndi mabala kumsana.

Afunseni eni ntchitoyo dzina lonse la kampani ndi nambala yake ya kaundula, muyifufuze ku Department of Business Development, ofesi ya boma la Thailand yolembetsa makampani. Ambiri akafunsidwa zimenezi amakwiya, kapena amati malo atsala awiri, fulumirani. Ngati agenti wadya kale ndalama, sungani mauthenga onse ndi malisiti a Airtel Money kapena Mpamba mupite nawo kupolisi. Lamulo la Malawi la 2015 loletsa kuzembetsa anthu limakhudza nkhani zotere. Mlongo wanuyo akakakamira kupita, fotokope ya pasipoti itsale kunyumba, asakwere galimoto yomuchotsa mu Bangkok, ndipo asunge pamtima nambala ya apolisi othandiza alendo ku Thailand, 1155.