Funsani Malume: Msungichuma wa steti ku America, ntchito yake n'chiyani ndipo amamuvoteranji?

Malume, ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala kuno ku South Bend ku Indiana ndipo ndangolandira kumene unzika wa America, nde zisankho zikubwerazi kakhala koyamba kuvota. Mnzanga wa kuntchito anandionetsa pepala lovotera la 2022, ine mutu unangozungulira, maudindo ake ngambirimbiri. Pena panalembedwa kuti Treasurer of State. Kodi ameneyu ndi msungichuma ngati wa kumpingo uja? Nanga wa ndalama naye amachita kumuvotera? Ndisakangochonga dzina poti lamveka bwino.
Mayi wa ku South Bend

Mayi, choyamba zikomo kuti mwafunsa musanalowe m'kachipinda kovotera, poti anthu ambiri, ngakhale eni dzikowo, akafika mmunsi mwa pepalalo amangoyang'ana chipani n'kuchonga basi, munthuyo osamudziwa nkomwe.

Simunaphonye kwenikweni pomufanizira ndi wa kumpingo. Kusiyana kwake ndi kukula kwa thumba. America ili ndi masteti 50 ndipo iliyonse ili ndi boma lake, gavanala wake, nyumba yake ya malamulo, misonkho yakenso. Ndalama za misonkho zikalowa sizigwiritsidwa ntchito tsiku lomwelo ayi, zina zimadikira miyezi kuti zidzalipire aphunzitsi, zina kukonza misewu. Nde pakati apa zimakhala kuti? Funso limeneli ndi limene msungichuma amayankha. Iye ndi amene amaona kuti zisungidwe ku banki iti, zina azibwereketse kwa kanthawi kuti zibereke chiwongoladzanja, komanso kuti tsiku lolipira likafika muakaunti musapezeke muli mbee. Bajeti sapanga iyeyo, imeneyo ndi ya gavanala ndi aphungu a steti. Sangadzuke m'mawa n'kunena kuti ndimange mlatho kwathu. Akapanga zimenezo ndiye wayamba kale ulendo wa kundende.

Chachiwiri ndi ngongole. Steti ikafuna kumanga zinthu zikuluzikulu imabwereka ndalama pogulitsa mabondi, mapepala olonjeza kudzabweza ndalamazo ndi chiwongoladzanja, ndipo m'masteti ambiri msungichuma ndi amene amakhala patsogolo pa zimenezi, kukambirana ndi mabanki komanso makampani aja oyeza ngati boma ndi lokhulupirika pobweza ngongole, a Moody's ndi anzawo. Akakutsitsani giredi ndiye kuti chiwongoladzanja chakwera, wolipira wake ndi inuyo mayi kudzera mu msonkho womwe amadula pa cheke chanu.

Tsono kwanu ku Indiana kuli zake. Msungichuma wa kumeneko amasankhidwa zaka zinayi zilizonse, m'chaka chomwe sikukhala chisankho cha pulezidenti, 2018, 2022, 2026 choncho. Yemwe anapambana mu 2022 ndi Daniel Elliott wa chipani cha Republican. Chinthu china chomwe chimadabwitsa anthu n'chakuti oyimira zipani pa mpando umenewu ku Indiana sasankhidwa ndi anthu wamba pa mapulaimale, amasankhidwa ndi nthumwi pa msonkhano waukulu wa chipani, inu mumangokumana nawo mu Novembala mayina atakhazikika kale. Ofesiyi ndi imene imatsogolera Indiana Bond Bank yothandiza matauni ndi masukulu kubwereka motchipa, komanso ndondomeko yosungira ndalama za sukulu ya ana ija amati 529, imene inu ndi ana awiriwo ndikanakonda mukaifunse, poti ndalama zosungidwa mmenemo zikagwira ntchito ya maphunziro phindu lake salidula msonkho. Ndipo mudzaseka, bodi yoyang'anira nambala ya ngozi ija ya 911 m'steti yonse wapampando wake ndi msungichuma yemweyo. Zimachita kuoneka ngati anangomuunjikira ntchito zomwe zinasowa mwini.

Musamuone ngati kalaliki wongowerenga makobidi. Mu 2009 kampani ya magalimoto ya Chrysler itagwa, boma la Obama linakonza zoti igulitsidwe mwachangu ku gulu lomwe munali Fiat. Msungichuma wa Indiana panthawiyo, Richard Mourdock, anathamangira kukhoti kukaletsa ponena kuti thumba la penshoni la apolisi ndi la aphunzitsi a steti, omwe anali atabwereketsa ndalama ku Chrysler, akuwadyera masuku pamutu. Nkhani inafika mpaka ku Supreme Court, malondawo anapitirirabe, koma dzina lake linamveka dziko lonse moti mu 2012 anagwetsa Richard Lugar, seneta wa zaka zoposa 30, pa mapulaimale, kenako iyenso anagonja kwa Joe Donnelly. Nde mukamamva oyimirawo akulankhula, mvetserani ngati akukamba za ndalama kapena maso ali kale pa mpando wina. Ambiri mpandowu amautenga ngati makwerero. Ann Richards anachokera pa usungichuma n'kukhala gavanala wa Texas, Gina Raimondo chimodzimodzi ku Rhode Island, John Kennedy wa ku Louisiana anapita ku Senate.

*

Malume, ndinamva kuti ku America wosunga ndalama za boma amachita kumuvotera. Ife kuno bwanji osatengera? Zija za Cashgate zikanachitika zikanakhala kuti wogwira thumba amaopa ovota? Ine ndatopa n'kumangoona anthu oikidwa ndi a pulezidenti.
Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

Achimwene, ululu wanu ndikuumva, nanenso ndinali pompano mu 2013 pomwe tinkamva za ndalama zopezeka m'mabuti a galimoto za ogwira ntchito ku Capital Hill, a Paul Mphwiyo oyang'anira bajeti ataomberedwa mu Seputembala chaka chomwecho, mayiko otithandiza n'kutseka mpopi. Koma ndikukhumudwitsani pang'ono.

Choyamba si ku America konse komwe amavotera. Ndi masteti 36. Ku Maine, Maryland, New Hampshire ndi Tennessee amasankha ndi aphungu, ku New Jersey, Michigan ndi Virginia amaika ndi gavanala. Ena anaithetseratu ofesiyo. Ku New York inatha mu 1926, ku Minnesota mu 2003. Ya ku Texas ndiye yosekesa, mayi wina Martha Whitehead mu 1994 kampeni yake inali yoti mundivotere kuti ndikatseke ofesi imeneyi ilibe ntchito, anthu anamuvoteradi, chaka chotsatira anavomereza kusintha malamulo a steti, pofika 1996 ofesi yatha ntchito zake zapita kwa Comptroller, woyang'anira mabuku a ndalama za steti. Kuno munamuonapo munthu wochita kampeni yoti adzichotse ntchito yekha? Ku Wisconsin zinatembenuka, aphungu anakhala akuilanda mphamvu ofesiyo pang'onopang'ono mpaka inatsala chigoba, koma atafunsa anthu mu Epulo 2018 kuti tiithetse, anthu anakana.

Chachiwiri, voti siichotsa dyera. Ku Pennsylvania Rob McCord anthu anamusankha kawiri, mu 2015 anatula pansi udindo n'kuvomera mlandu woti ankaopseza makampani ochita bizinesi ndi steti kuti amupatse ndalama za kampeni ya ugavanala. Steti yomweyo Budd Dwyer, nayenso wosankhidwa kawiri, khoti linamupeza wolakwa pa nkhani ya ziphuphu mu 1986, ndipo mu Januwale 1987 anadzipha pamaso pa atolankhani. Ku New Mexico asungichuma awiri otsatizana, Michael Montoya ndi Robert Vigil, onse anamangidwa mu 2005 pa nkhani yofuna kangachepe kwa anthu ochita malonda ndi ofesiyo. Onsewa anadutsa pa voti. Ndipo vuto lake mukuliona, kampeni imafuna ndalama, nanga ndani ali ndi chidwi chothandiza kampeni ya msungichuma ngati si omwewo ofuna kuti adzawapatse ndalama za boma azisunge?

Koma nkhani yomwe imandikhala pamtima ndi ya Robert Citron. Uyu sanali wa steti, anali msungichuma wa dera la Orange County mu steti ya California, wosankhidwanso ndi anthu, zaka zoposa 20 ali pampando. Munthuyu sankaika m'thumba mwake ayi. Ankangobweretsa phindu lochuluka kuposa anzake onse, makhonsolo ndi masukulu ankachita kupikisana kuika ndalama zawo mu thumba lomwe ankayendetsa. Chinsinsi chake chinali chakuti ankabwereka ndalama zina pamwamba pa zomwe anamusungitsa, n'kubetcha kuti chiwongoladzanja chikhalabe chotsika. Mu 1994 munthu wina wowerengera ndalama, John Moorlach, anapikisana naye n'kumachenjeza poyera kuti akuluwa akutchova njuga ndi ndalama zanu. Anthu anati uyu ndi wansanje, n'kuvoteranso Citron. Chaka chomwecho banki yaikulu ya America inakweza chiwongoladzanja kangapo konse, pofika Disembala thumba lija linali litataya madola oposa 1.6 biliyoni, Orange County inalengeza kuti yagwa. Ovota anali ndi chenjezo m'manja miyezi ingapo zisanachitike, koma nkhani za mabondi ndani amazimvetsa pa msonkhano wa kampeni?

Ine ndimaganiza za banki mkhonde ya amayi a kwathu. Msungichuma amasankhidwa ndi gulu inde, koma bokosi lija lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosiyo alibe kiyi ngakhale imodzi. Likamatsegulidwa aliyense ali pamphasa maso ali pomwepo, ndalama akuwerenga mokweza. Masteti omwe zimayenda bwino ndi omwe anagawa makiyi chonchi, wina wosunga, wina wolemba mabuku, wina wofufuza. Ngakhale apo zimatha kusokonekera, ku South Carolina mu 2024 kunabuka nkhani ya madola 1.8 biliyoni omwe ankaoneka m'mabuku koma palibe ankadziwa kuti ndi a nthambi iti, ofufuza atabwera anapeza kuti zambiri mwa ndalamazo kunalibe nkomwe, zinali zolakwika polemba basi. Kuno kwathu makiyiwo papepala alipo, nduna ya zachuma, Secretary to the Treasury, Accountant General, Auditor General ndi komiti ya aphungu yoona momwe ndalama za boma zayendera. Pa Cashgate anthu ankalowa mu kompyuta ya IFMIS yolipirira ndalama za boma, kulipira makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse kenako n'kufufuta. Sindikuona kuti chisankho chinanso, ndi mmene timavotera potengera kwawo kwa munthu ndi nsalu za chipani, chikanatseka bowo limenelo. Mwina ndikulakwa, lembaninso tikangane.

*

Malume, siginecha ili pa dola ija ndi ya msungichuma ameneyu?
Mnyamata wosintha ndalama, Mchinji

Ayi mphwanga. Tulutsa dola imodzi uyang'ane kumaso kwake, pali masiginecha awiri. Ina ndi ya Secretary of the Treasury, amene ali ngati nduna ya zachuma ya dziko lonse, udindo womwe anayamba ndi Alexander Hamilton mu 1789. Inayo ndi ya Treasurer of the United States. Onse awiri amaikidwa ndi pulezidenti, palibe amawavotera. Wa steti sasindikiza ndalama, sakhudzanso mtengo wa dola, nde reti ikakuvuta pa boda usamunamizire.

*

Malume, ndinaphunzira ku America zaka zapitazo n'kubwerako. Ndikukumbukira kuti ndinasiya kandalama mu akaunti, komanso dipoziti ya nyumba sindinatenge. Mwezi watha ndalandira imelo yoti ofesi ya msungichuma ikusunga ndalama zanga, nditumize kaye madola 200 kuti azitulutse. Nditumize?
Mphunzitsi, Zomba

Aphunzitsi, musatumize ngakhale tambala. Koma musatayenso mtima poti mbali ina ya nkhaniyi ndi yoona. Ku America akaunti ikakhala zaka zingapo osagwiridwa, kapena cheke cha malipiro omaliza sichinatengedwe, dipoziti ya magetsi kaya inshulansi, lamulo limakakamiza banki kapena kampaniyo kupereka ndalamazo ku steti, ndipo m'masteti ambiri wozisunga ndi msungichuma, kudikira mwini wake kapena ana ake. Akuba amadziwa zimenezi, nde amangotenga dzina la ofesi yeniyeni n'kumata pa imelo yawo.

Kufufuza n'kwaulere. Lowani pa MissingMoney.com, tsamba lomwe mabungwe a masteti oyang'anira zimenezi amalivomereza, kapena pa webusaiti ya boma la steti yomwe munkakhala, lembani dzina lanu mmene linalili pa makadi a banki nthawi imeneyo, yesaninso molakwika mmene azungu ankalilembera poti mayina athuwa amawapotoza. Simunanene steti yake, nde dziwani kuti si konse komwe ndi msungichuma. Ku California zili kwa Controller, ku Texas ndi New York kwa Comptroller, ku Indiana zili mu ofesi ya Attorney General. Mukapeza dzina lanu adzafuna umboni woti ndinu, kope la pasipoti, adiresi yakale ija, nambala ya Social Security ngati munali nayo, ndiye sakanisakani m'masutikesi mapepala akale aja musanayambe. Chomwe chingakuvuteni ndi cheke, poti kawirikawiri amalipira ndi cheke cha madola, nde kafunseni ku banki yanu ku Zomba konko ngati angachilandire komanso adula zingati, kuopa kuti mungavutike miyezi itatu chifukwa cha madola 40.