Mafunso Anu: RNA ikatuluka pa DNA, imapita kuti?

Funso: Aphunzitsi akuti m'maselo athu RNA yongokopedwa kumene pa DNA siyingapange puloteni nthawi yomweyo. Chimasowa n'chiyani? Wophunzira, Ulongue, Angonia.

Yankho: Mwafunsa bwino. M'maselo okhala ndi nyukiliyasi (kachipinda kosungira DNA), monga a munthu ngakhale a chimanga, RNA imeneyi ili ngati mgaiwa wosasefa. Imakonzedwa katatu isanatuluke mu nyukiliyasi.

Ikangotalika manyukiliyotaidi (zilembo za RNA: A, U, G ndi C) 20 mpaka 30, kumutu kwake, kotchedwa 5', kumavekedwa kachipewa ka 7-methylguanosine (chilembo G chosinthidwa pang'ono). Kamaiteteza kwa maenzayimu oidya, ndipo raibosomu, makina opanga mapuloteni, imaizindikira ndi kameneka. Kumchira, chizindikiro cha AAUAAA chikawerengedwa, RNA imadulidwa patsogolo pang'ono n'kulumikizidwa ma A pafupifupi 200.

Ntchito yovuta ili pakati. Jini (gawo la DNA lokhala ndi malangizo a puloteni), komanso RNA yokopedwa pa iyo, imakhala ndi zigawo zofunika, ma exon, zosakanikirana ndi ma intron oyenera kutayidwa. Pafupifupi intron iliyonse imayamba ndi GU n'kuthera AG. Makina otchedwa spliceosome, okhala ndi tizigawo U1, U2, U4, U5 ndi U6, amapinda intron ngati khwekhwe, kuidula, n'kusokerera ma exon. Akaphonya ndi chilembo chimodzi chokha, uthenga wonse wotsatira umawerengeka molakwika. Mitundu ina ya beta-thalassemia, matenda ochepetsa magazi, imayamba chonchi.

Nthawi zina selo limadumpha exon mwadala, jini imodzi n'kubala mapuloteni angapo. Ma intron anatulukiridwa mu 1977; Richard Roberts ndi Phillip Sharp analandira mphotho ya Nobel mu 1993 chifukwa chowatulukira.