Mwana wamaliza Fomu 2 ku Malawi: adzamaliza bwanji sekondale ku America?

Mayi wina watilembera kuti banja lawo lasamukira ku America ndi mwana yemwe wangomaliza Fomu 2, ndipo akufuna kumulembetsa pa sukulu yaing'ono yachikhristu. Akufunsa kuti adzalemba mayeso ati kuti amalize sekondale.

Mayi, kumeneko kulibe mayeso a dziko lonse onga MSCE. Mwana amasonkhanitsa ma credit kuyambira Grade 9 mpaka 12, ndipo akakwana, sukuluyo ndiyo imapereka diploma, yomwe ndi satifiketi yomalizira sekondale. Credit imodzi ndi phunziro limodzi limene waliphunzira chaka chonse, pafupifupi maola 120, n'kulikhoza. Sukulu zambiri zimafuna pakati pa 22 ndi 26: Chingerezi 4, masamu 3 kapena 4, sayansi 3, mbiri ndi za boma 3, chilankhulo china 2, ndipo otsalawo ndi a zolimbitsa thupi, zaluso ndi maphunziro osankha. M'chigawo cha Indiana amawerenga credit pa theka la chaka, choncho musadabwe mukamva za ma credit 40 kapena kuposerapo.

Sukulu yachikhristu imawonjezera Baibulo chaka chilichonse, ndipo zambiri zimafunanso maola othandiza anthu mongodzipereka. Kawirikawiri wobwera mochedwa amangophunzira Baibulo la zaka zimene ali pasukulupo, koma zimenezi akulembereni papepala.

Pamene makolo ambiri amapunthwa ndi pa zaka ziwiri za kumudzi. Fomu 1 ndi 2 zimafanana ndi Grade 9 ndi 10, koma satifiketi ya JCE siinena maola amene mwana anakhala m'kalasi. Pemphani ahedi a sukulu yake ya ku Malawi alembe kalata yodindidwa yosonyeza phunziro lililonse, mapiriyodi ake pa sabata, kutalika kwa piriyodi ndi magiredi a teremu iliyonse. Popanda zimenezi akhoza kumubweza kalasi. Masamu ndiwo ovuta: kwathu timasakaniza zonse, iwo amagawa Algebra I, Geometry ndi Algebra II, choncho pemphani kuti amuyese asanamuike m'kalasi. Funsaninso ngati Chichewa angachiwerengere ngati chilankhulo china. Mbiri ya America yokha ayenera kuiphunzira basi.

Kuchepa kwa sukulu kuli ndi ubwino wake, mphunzitsi amamudziwa mwana aliyense. Koma aphunzitsi akachepa, maphunziro ena amasinthana zaka, Chemistry chaka chino, Physics chaka chamawa. Mwana amene watsala ndi zaka ziwiri zokha akaphonya kamodzi, mwayi wapita. Khalani pansi ndi mlangizi wa pasukulupo, mulembe ndondomeko ya zaka zonse ziwiri teremu isanayambe. Phunziro limene palibe akhoza kukalitenga ku community college (koleji ya maphunziro a zaka ziwiri) yapafupi.

Musanalipire fizi, funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi bungwe monga ACSI kapena Cognia. Ngati si yovomerezeka, sukulu ina kapena koleji ikhoza kukana ma credit ake, kapena kudalira kwambiri zotsatira za mayeso olowera ku koleji a SAT kapena ACT. Mayina a sukulu zovomerezeka ali pa masamba a intaneti a mabungwewa, kafufuzeni nokha.