Mafunso Anu: Mapu a Nkhondo Osindikiza, Mtengo Wake ndi Amene Amawagula

Makalata a mwezi uno akhudza mapu amene amayalidwa patebulo pa masewero ngati Dungeons & Dragons ndi Pathfinder, aja osewera amayendetsapo tizidole tawo m'timabokosi nkhondo ikabuka. Akuyankha ndi odziwa zojambula, zosindikiza ndi malonda a masewerowa.

Ndimajambula mapu pakompyuta ndipo ndikufuna ndiziwasindikiza n'kumagulitsa. Osindikiza andipatsa mitengo iwiri yotalikirana kwambiri, wa makina a digital ndi wa offset. Nditsate uti, nanga mtengo wogulitsira ndiupeze bwanji? — Wojambula wongoyamba kumene

Mitengo yonse iwiri ndi yoona, kungoti kawerengedwe kake n'kosiyana. Pa digital mulibe ndalama yoyambira. Kaya musindikiza kope limodzi kaya 40, mtengo wa kope susintha kwenikweni. Pa offset amayamba apanga mapuleti a mitundu inayi ya inki ndi kutchera makina, ndipo ndalama imeneyo mumalipira ngakhale mukufuna makope ochepa. Makina akayamba kuyenda, kope lililonse limatsika mtengo kwambiri.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti masamu aoneke. Digital ikudya $9 pa kope. Offset ikufuna $600 yoyambira ndi $1.50 pa kope. Kusiyana kwa pa kope ndi $7.50, ndiye mukagawa 600 ndi 7.50 mupeza 80: makope akachepera 80 digital ndiyo yotchipa, akapitirira offset yapambana. Mukasindikiza 500 pa offset mulipira $1,350, kutanthauza $2.70 pa kope. Apa ndi pamene ambiri amakopeka n'kugwa. $2.70 ija ndi yoona pokhapokha onse 500 atagulidwa. Mukagulitsa 60 okha, kope lililonse lakudyerani $22.50, ndipo mpamba wanu wagona m'makatoni. Choncho gawani ndalama ndi makope amene mukutsimikiza kuti atuluka, osati amene makina atulutsa.

Pamwamba pa kusindikiza onjezani lamineti, kupinda, choikamo, makope owonongeka panjira, ndi gawo la msika umene mukugulitsirapo. Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkhetsera ndalama zopangira chinthu, imatenga 5 peresenti ya ndalama zosonkhedwa, ndipo oyendetsa malipiro amatenganso pakati pa 3 ndi 5 peresenti. Etsy, msika wa pa intaneti, imalipiritsa $0.20 poika katundu ndi 6.5 peresenti akagulidwa, kuwerengera ndi ndalama yotumizira yomwe. Kutumizako musakupeputse. Mapu okulunga amafuna chubu chachitali cholimba, ndipo nthawi zina chubu ndi positi zimaposa mtengo wa kusindikiza. N'chifukwa chake Flip-Mat (mapu a lamineti a kampani ya Paizo), yomwe ndi mainchi 24 kwa 30, imapindika kufika mainchi 8 kwa 10: imalowa mu envulopu ndiponso imakhala pashelefu ngati buku.

Ngati mukufuna mapu anu adzafike m'masitolo, dziwani kuti opikula kawirikawiri amapereka pafupifupi 40 peresenti ya mtengo wa pashelefu, eni sitolo pafupifupi theka. Mapu a $20 akubweretserani $8 kapena $10. Ndiye chifukwa opanga masewero a patebulo amakonda kuika mtengo wa pashelefu kuchulukitsa kasanu ndalama yopangira. Mukachulukitsa kawiri kokha, mudzagulitsa nokha mpaka kalekale, poti wopikula sadzapeza podyera.

Malangizo athu: yambani ndi makope 20 kapena 30 pa digital, kapena landirani maoda kaye musanasindikize. Offset idikire mapu amene aonetsa kale kuti akuyenda.

Mapu anga okongola koposa, a kachisi wa mfumu ya ziwanda pamwamba pa phiri la moto, sakugulidwa. Koma a msewu wamba wodutsa m'nkhalango atha kawiri. Anthu sakuona luso? — Mayi wogulitsa pa intaneti

Luso akuliona, Mayi, koma wogula akuwerengera china: mapu awa ndiwayala kangati?

Yambani ndi funso lakuti wogula ndani. Patebulo pakhala anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense ali ndi madayisi ake, mwina ndi kachidole kake. Koma mapu amagula munthu mmodzi yekha, woyendetsa masewero, amene amafotokoza nkhani ndi kuyendetsa zilombo. Msika wa mapu ndi wochepa kusiyana ndi chiwerengero cha osewera, ndipo wogula wake amakhala atawononga kale ndalama pa mabuku ndi tizidole ta zilombo. Munthu ameneyu sadziwa kumene osewera ake alowere sabata yamawa. Chimene akudziwa n'chakuti adzayenda pamsewu, adzagona m'nyumba ya alendo, adzalowa m'phanga, adzakwera chombo. Mapu a msewu wa m'nkhalango adzayalidwa achifwamba akatchinga njira, adzayalidwanso mimbulu ikazinga msasa, n'kuwatembenuza mutu pansi akhale malo ena. Kachisi wa paphiri la moto amafuna nkhani yonse ilunjike kumeneko, ndipo akagwiritsidwa ntchito kamodzi osewera amuzindikira. Mapu a $15 oyalidwa maulendo 15 ndi otchipa kuposa a $10 oyalidwa kamodzi, ndipo woyendetsa masewero amadziwa zimenezi ngakhale osalemba masamu.

Pali njira zopulumutsira kachisiyo. Musindikizeni kuseri kwa mapu a malo wamba, kapena kuseri kwa timabokosi topanda chithunzi, kuti mbali inayo izikoka wogula. Kapenanso mugulitseni ngati fayilo yokha, pamene palibe katundu wogona. Mapu a malo apadera amayenda bwino akakhala kuti ajambulidwira nkhani yofalitsidwa imene anthu ambiri akusewera, koma pamenepo samalani ndi umwini: maina ndi malo a m'mabuku a Wizards of the Coast, eni ake a Dungeons & Dragons, sangagulitsidwe mwachisawawa.

Onaninso kukula. Mu Dungeons & Dragons kabokosi kamodzi ndi inchi imodzi papepala, kuimira mafiti 5. Munthu wamba amayenda mafiti 30 pa mpata wake, timabokosi 6. Matsenga a Fireball amaphimba mafiti 20 mbali zonse, timabokosi 8 kupingasa. Mapu a timabokosi 8 kwa 11 adzaza msanga, woponya mivi alibe pothawira. Komanso opitirira mainchi 36 amasowetsa malo a mabuku ndi madayisi patebulo la m'nyumba. Pakati pa mainchi 22 ndi 36 ndi pamene ambiri amakhutira. Ndipo musadzaze chithunzi ndi zokongoletsa mpaka mizere ya timabokosi kubisika. Mapu oti wosewera sakutha kuona pamene pali khoma ndi pamene pali khomo sagulidwa kachiwiri.

Ndinagula fayilo ya mapu pa intaneti n'kukasindikiza. Atuluka osaoneka bwino, akuda, ndipo tizidole sitikukwana m'timabokosi. Chalakwika n'chiyani? — Woyendetsa masewero

Zalakwika zitatu, chilichonse ndi gwero lake.

Kusaoneka bwino kwachokera ku fayilo. Mapu ambiri amakonzedwera masewero a pa intaneti: pulogalamu ya Roll20 imagwiritsa ntchito ma pixel (timadontho ta chithunzi) 70 pa kabokosi, ya Foundry VTT imayambira pa 100. Pasikirini n'zokwanira, koma papepala kabokosi ndi inchi, ndiye mwasindikiza pa 70 dpi, kutanthauza timadontho 70 pa inchi imodzi. Pamafunika osachepera 150 dpi, 300 ngati n'kotheka. Mapu a mainchi 24 kwa 36 akhale ma pixel 3,600 kwa 5,400, kapena 7,200 kwa 10,800 pa 300 dpi. Musanagule, gawani ma pixel a m'lifupi ndi chiwerengero cha timabokosi; yankho lake ndiyo dpi yanu.

Timabokosi tachepa chifukwa pulinta inafinya chithunzi kuti chikwane papepala. Sankhani kukula kwenikweni, 100 peresenti, ndipo sindikizani tsamba limodzi muyeze ndi rula: kabokosi kakhale mamilimita 25.4, poti phazi la kachidole wamba ndi mamilimita 25. Pepala la A4 mukachotsa m'mphepete limanyamula timabokosi tathunthu 7 kwa 11. A1 imafika 23 kwa 33. Ngati mukulumikiza mapepala a A4, dulani m'mizere ya timabokosi kuti polumikiza pabisike.

Kuda kwabwera chifukwa sikirini imawala yokha pomwe pepala limadalira nyale ya m'chipinda. Mapanga ndi malo a usiku ndiwo amavutika kwambiri. Walitsani chithunzi pang'ono, chisinthireni ku CMYK (mitundu inayi ya inki ya osindikiza) ngati osindikiza akufuna choncho, siyani mamilimita 3 owonjezera m'mphepete odulapo, ndipo pemphani kachidutswa koyesera asanasindikize chonse. Dziwaninso kuti fayilo yotereyi kawirikawiri imakulolani kusindikiza ya patebulo panu pokha, osati yogulitsa.

Ndili ndi ndalama ya chinthu chimodzi. Ndigule mphasa ya vinyl yopanda chithunzi, mapu a lamineti, kapena buku la mapu? — Bambo wa osewera atatu

Gulani mphasa yopanda chithunzi, Bambo. Battlemat ya kampani ya Chessex ndi mainchi 23.5 kwa 26, Megamat ndi 34.5 kwa 48, ndipo mumajambulapo malo alionse amene nkhani yafika. Koma vinyl imeneyi imalola maka (cholembera cha inki) yofufuta ndi madzi yokha. Maka ya pabolodi loyera imalowa m'kati n'kusiya banga losachoka, ndipo ngakhale yoyenerayo, makamaka yofiira, muifufute tsiku lomwelo.

Lamineti yonyezimira imalandira mitundu yonse iwiri ya maka, koma imathwanima pansi pa babu ndipo mopindamo mumatukumuka. Ipindeni chobwerera kapena itsamizeni ndi mabuku usiku umodzi. Lamineti yosanyezimira imaoneka bwino koma imasunga mthunzi wa inki. Mabuku a waya ngati a Loke Battle Mats amapereka malo ambiri pa mtengo wa limodzi limodzi wotsika. Amenewo mudzagule pambuyo pake.

Popeza ambiri akusewera pa intaneti, kodi mapu osindikiza sakutha? — Wofuna kuyamba malonda

Mbali ina ya msika yapita ndithu. Roll20 inayamba mu 2012, ndipo mu 2020 mliri wa COVID-19 utatsekera anthu m'nyumba, magulu ambiri anasamukira pa intaneti. Ojambula ambiri tsopano amapeza ndalama pa tsamba la Patreon, kumene olembetsa amalandira mafayilo mwezi ndi mwezi. Ena amagoneka TV patebulo n'kuika tizidole pagalasi. Komanso mtundu wachisanu wa Dungeons & Dragons, wa 2014, sukakamiza timabokosi monga unkachitira wachinayi wa 2008, ndiye alipo osewera ongofotokoza nkhondo pakamwa.

Chimene chasintha ndi muyeso wa mtengo. Wogula akudziwa kuti chithunzi chokha angachipeze motchipa kapena mwaulere, choncho pa mapu osindikiza akulipirira pepala lolimba, timabokosi tolondola, polemba ndi kufufuta, ndi kusavutika ndi pulinta. Pepala lopyapyala lopanda lamineti silingapikisane ndi fayilo. Ngati mukuyamba, tulutsani mafayilo kaye, muone atatu amene akutengedwa kwambiri, musindikize amenewo mbali zonse ziwiri, ndipo wogula pepala mumupatse fayilo yake mwaulere, ya ma pixel 70 ndi ya 100 pa kabokosi, kuti agwiritse ntchito tsiku limene gulu lake lakumana pa intaneti.